Vinyo woyera wa mlimi wa ku Anjou: wawonongeka kapena ndi mmene amakhalira?

Nachisale (Leeds): Moni nonse pagulu. Odziwa za vinyo ndithandizeni msanga ndisanataye chinthu cha ndalama. Abwana anga a kuntchito anapita kutchuthi ku France ndiye andibweretsera botolo la vinyo woyera. Akuti anagula pakhomo penipeni pa mlimi yemwe amalima yekha mphesa, kufinya yekha, kuthira m'mabotolo yekha, ndipo pachaka amatulutsa mabotolo ochepa chabe. Ndatsegula madzulo ano koma mtima wakana. Mtundu wake ndi wachikasu chozama, osati wotuwira ngati uja wa m'shopu. Pansi pali tinsenga ndi timiyala tonyezimira. Fungo lake ndi la apozi lomwe lagwa pansi n'kutsala usiku. Ndimwe kapena ndithire mu sinki?

Mavuto (Stellenbosch): Achemwali, sinki yalakwa chiyani? Osataya! Tawerengani kaye zomwe zalembedwa pabotolopo.

Nachisale (Leeds): Palembedwa Chenin, 2021, Vin de France, 13%, kenako mis en bouteille au domaine. Adiresi yake nambala ikuyamba ndi 49.

Chikondi (Angers): Aaa, ameneyo ndi wa kwathu kuno. Chenin ndi mtundu wa mphesa. 49 ndi Maine-et-Loire, chigawo cha Anjou, m'mbali mwa mtsinje wa Loire. Mawu oti mis en bouteille au domaine akutanthauza kuti anathiridwa m'botolo pamunda pomwepo, sanagulitsidwe pa thanki kwa amalonda akuluakulu.

Mavuto (Stellenbosch): Chabwino. Tsopano nunkhizaninso, muyankhe zitatu izi. Kodi mukumva fungo la katoni yonyowa, kapena la chipinda chomwe chatsekedwa dzinja lonse? Kodi mukumva vinega woluma m'mphuno, kapena mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo? Ndiye mukameza, pakapita kanthawi, kodi kukhosi kukubwera fungo la khola la mbewa? Ngati zonsezi palibe, vinyo wanu ali bwinobwino.

Nachisale (Leeds): Katoni ayi. Vinega ayi. Za mbewazo ndameza kawiri, sindikumva. Chomwe ndikumva ndi apozi uja, kauchi pang'ono, ndi kuwawasa kogwira m'mbali mwa lilime.

Mavuto (Stellenbosch): Ndiye Chenin ameneyo, wadzidziwitsa yekha. Timiyala mukuonato si galasi komanso si shuga. Mu mphesa muli asidi wotchedwa tartaric, akakumana ndi potaziyamu pamalo ozizira amauma n'kukhala timibulu totero. Mafakitale akuluakulu amaziziritsa vinyo wawo kwambiri asanathire m'mabotolo kuti timibuluto tigweretu, kenako n'kusefa. Alimi ang'onoang'ono ambiri sachita zimenezo, ena chifukwa makina ake ndi odula, ena chifukwa amati kusefa kumachotsa kukoma. Ingothirani pang'onopang'ono, chotsalira pansi musiye. Chinanso, mwamuchotsa mufiriji nthawi yomweyo eti? Musiyeni patebulo theka la ola. Vinyo wotere akazizira kwambiri amabisa zonse, mumangomva kuwawasa basi. Madigiri 12 mpaka 14 ndi pabwino.

Yamikani (Jozi): Zonsezi za botolo limodzi? Ife kuno timagula wa m'bokosi wa malita asanu, ali ndi kampopi, samafunsa madigiri.

Mavuto (Stellenbosch): Yami, wa m'bokosi wakoyo nthawi zambiri muli Chenin yemweyu, ungoti sudziwa.

Malume Phiri (Area 25): Ana inu, ine funso langa ndi lina. Mwana wa ku Angers wati ndi wa ku Anjou. Nanga bwanji pabotolo sanalembe Anjou, alemba Vin de France? Ine ndimadziwa kuti vinyo wa ulemu amatchula dera lake. Osati mlimiyu analephera mayeso?

Chikondi (Angers): Malume, mwakhudza pomwe pamavuta. Kuno kuli bungwe la boma lotchedwa INAO, linayamba mu 1935, lomwe limayang'anira maina a madera. Kuti ulembe Anjou kapena Savennières kapena Vouvray pabotolo, uyenera kutsata malamulo a dzinalo: mtundu wa mphesa, malire a munda, kuchuluka kwa zokolola pa hekitala, ndipo vinyo wako amatha kulawidwa ndi komiti kuti aone ngati akufanana ndi zomwe dzinalo limayembekezera. Ndiye alimi ena amagwadi pamenepo chifukwa vinyo wawo ali ndi vuto. Koma ena amatuluka okha mwadala. Amati malamulowo amalola mankhwala ophera udzu ndi yisiti wogula m'paketi, koma n'kumakana vinyo wa munthu chifukwa choti ndi wachikasu kwambiri kapena sanasefedwe. Akatuluka amalemba Vin de France, ndipo saloledwanso kutchula dera lawo ngati dzina la vinyo.

Kuno nkhani yomwe anthu amaikumbukabe ndi ya Olivier Cousin, mlimi wa ku Anjou yemwe amalima ndi mahatchi. Anatuluka m'kaundula wa maina aja koma n'kumalembabe Anjou pa katundu wake. Anamutengera kukhoti ku Angers, mlandu unaweruzidwa mu 2014. Anamupeza wolakwa, koma sanamupatse chilango chenicheni. Mfundo yake inali yoti mphesa zake zimamera ku Anjou, ndiye wina angamuletse bwanji kutchula kwawo.

Malume Phiri (Area 25): Komatu lamulo ndi lamulo. Aliyense akamalemba zomwe wafuna, wogula adzakhulupirira chiyani?

Chikondi (Angers): Zoona Malume, ndipo n'chifukwa chake khoti silinamumasule. Koma zotsatira zake n'zakuti lero mawu oti Vin de France sakuuzani kanthu. Akhoza kukhala vinyo wotchipa wosakaniza madera atatu, akhoza kukhala wa mlimi wa mahekitala anayi yemwe mabotolo ake amatha asanatuluke m'chipinda chosungira. Chomwe chimakuthandizani ndi dzina la munthuyo ndi chaka. Pali kachizindikiro kena kothandiza: kamunthu konyamula mgolo paphewa, pansi n'kulemba Vigneron Indépendant. Ameneyo ndi wa bungwe la alimi omwe amalima, kupanga ndi kugulitsa okha. Koma si onse odziimira paokha omwe analowa bungwelo, ndiye kusowa kwa kachizindikiroko si mlandu.

Mayi a Tadala (Blantyre): Ine sindimwa, koma ndikuwerenga. Admin, zoterezi zikuloledwa pagulu pano?

Admin: Zikuloledwa mayi, ndi nkhani ya ulimi ndi chakudya. Bola pasakhale wolimbikitsa kuledzera. Yamikani ndikukuona.

Yamikani (Jozi): Ine ndangokhala phee ngati mwana wa kwaya.

Nachisale (Leeds): Ndabwerera. Achimwene a ku Stellenbosch munanena zoona. Atafunda pang'ono fungo la apozi wovunda lija lachepa, kwabwera la uchi ndi la peyala lija la azungu, ndipo kumapeto kukumveka ngati kamchere. Koma abwana anandiuza kuti botolo limodzi analipira mayuro 26 pakhomo pa mlimi. Pakhomo! Popanda sitolo, popanda thiransipoti. Chikudulitsa n'chiyani?

Chikondi (Angers): Achemwali, yang'ananinso chaka chili pabotolo lanu. Mu Epulo 2021 kunagwa chisanu choopsa pafupifupi m'France monse. Kumapeto kwa Malichi kunatentha, mipesa inaphukira msanga, kenako usiku wa chisanu unabwera n'kuwotcha timphukira. Chenin amaphukira msanga, ndiye amavulala koyambirira. Alimi ankagona m'minda akuyatsa zitini za makandulo pakati pa mizere kuti mpweya ufunde ndi digiri imodzi kapena awiri. Zinachitikanso mu 2016 ndi 2017. Ndiye m'chilimwe cha 2021 chomwecho mvula inachuluka, matenda a chuku n'kugwira masamba. Kampani yaikulu ikaluza munda umodzi imakagula mphesa kwina. Mlimi wa munda umodzi akaluza theka, waluza theka basi, koma ngongole ya thirakitala, mabotolo, zitsekero ndi malipiro a antchito sizitsika.

Ine ndinagwirako ganyu yokolola pa munda wina kumwera kwa Loire. Amakupatsa kasizasi ndi ndowa, mumayenda awiriawiri, wina mbali iyi ya mzere wina mbali inayo. Vuto la Chenin n'lakuti pa mpesa umodzi phava lina lapsa, lina likadali lobiriwira, lina layamba kuvunda. Ndiye sudula zonse. Umatembenuza phava lililonse, lachikasu udule, lobiriwira usiye, lovunda ununkhize kaye: likamanunkha vinega taya pansi, likakhala ndi chuku chabwino chija chomwe chimaumitsa mphesa n'kuwonjezera shuga, liike padera. Pakapita masiku mumabwereranso mzere womwewo. Makina okololera amagwedeza mpesa n'kutenga zonse nthawi imodzi, munthu mmodzi n'kumaliza mahekitala angapo pa tsiku. Kusiyana kwa mtengo kumayambira pamenepo.

Malume Phiri (Area 25): Tandipatsa masamu mwanawe. Hekitala imodzi imatulutsa mabotolo angati?

Chikondi (Angers): Kuno amayeza ndi hekitolita, omwe ndi malita 100, kapena kuti mabotolo 133 a 750 ml. Munda wothamangitsa kuchuluka ukhoza kupereka mahekitolita 60 kapena kuposa pa hekitala, ndiye mabotolo pafupifupi 8,000. Wina akakolola 25, ndi mabotolo 3,300 okha. Chaka cha chisanu akhoza kutsika kufika pa 10 kapena 15.

Chitsanzo chodziwika cha kuno ndi Coulée de Serrant ku Savennières, pang'ono kumadzulo kwa Angers. Ndi mahekitala 7 okha, pamalo otsetsereka a miyala ya schist oyang'ana mtsinje. Amonke achi Cistercian ndiwo anadzala mipesa pamenepo mu 1130, ndipo mpaka lero akulimabe mphesa. Munda wonsewo ndi wa banja limodzi, la Joly, ndipo uli ndi dzina lakelake lovomerezeka ndi boma, chinthu chosowa kwambiri ku France. Nicolas Joly anali wogwira ntchito ku banki, anabwerera kumunda wa makolo ake mu 1977. Anayamba ndi mankhwala ngati wina aliyense, kenako anaona nthaka ikuuma, tizilombo ta m'nthaka tikusowa, ndiye m'zaka za m'ma 1980 anasinthiratu n'kuyamba ulimi wotchedwa biodynamie. Pano mwana wake wamkazi Virginie ndiye akuyendetsa zambiri. Malo ena otsetsereka amalima ndi hatchi.

Malume Phiri (Area 25): Biodynamie ndiye chiyani? Ndi ulimi wa manyowa womwewu?

Chikondi (Angers): Manyowa alimo, koma pali zina. Zinachokera ku maphunziro omwe Rudolf Steiner anapereka kwa alimi mu 1924. Sathira feteleza wa m'sitolo, sapopera mankhwala ophera udzu, amatsata kalendala ya mwezi podulira ndi pothira m'mabotolo. Chotchuka kwambiri amachitcha 500: amatenga ndowe za ng'ombe yaikazi, n'kuzipakira m'nyanga ya ng'ombe, n'kuikwirira pansi nyengo yonse yozizira. Akafukula amatenga pafupifupi magalamu 100 pa hekitala, n'kuvundula m'madzi ola lathunthu, uku ndi uku, kenako n'kuwaza m'munda madzulo.

Yamikani (Jozi): Dikirani kaye. Mzungu wa ku banki akukwirira nyanga m'munda, n'kumawaza madzulo, akuyang'ana mwezi? Agogo anga akanachita zimenezi kwa Ntaja bwenzi atawaitanira kwa amfumu. Uyu akumupatsa satifiketi!

Nachisale (Leeds): Yami wandipha ndi nseko, ndatsala pang'ono kutaya tambula ya mayuro asanu.

Malume Phiri (Area 25): Sekani, koma ine ndinakhala mlangizi wa zaulimi mpaka kupuma, ndiye ndinene poyera. Magalamu 100 pa hekitala sangadyetse nthaka. Hekitala ndi masikweya mita 10,000. Gawani nokha muone chomwe chikugwera pa mpesa umodzi. Ngati minda ya anthu amenewa ili yathanzi, chifukwa chake ndi zinazo: asiya kupha udzu ndi mankhwala, akubwezera manyowa, hatchi siyipondereza nthaka ngati thirakitala, ndipo sakukakamiza mpesa kubereka kuposa mphamvu zake. Zimenezo ndikuvomereza ndi manja awiri. Za nyangazo andikhululukire.

Ndipo ndifunse: chuku chikagwira masamba amapopera chiyani? Asandinamize kuti mwezi umachiritsa.

Chikondi (Angers): Amapopera kopa ndi salufa, Malume, pamodzi ndi madzi a zitsamba zina. Kopa yemweyo mumamudziwa wa pa tomato. Ndipo ndi vuto lomwe iwo eni amalidandaula, chifukwa kopa sachoka, amaunjikana m'nthaka. Lamulo la ku Ulaya kuyambira 2019 limalola makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7, ndiye kuti 4 pachaka. Chaka cha mvula ngati 2021 munthu amayenda ndi mantha kuti adutsa malire mvula isanathe.

Za nyanga sindikutsutsani. Ku sukulu kwathu aphunzitsi ambiri amaganiza ngati inu. Chomwe ndinaona ine n'chakuti munthu wokhulupirira zimenezi amakhala m'munda tsiku ndi tsiku, chifukwa alibe mankhwala amphamvu oti adzakonzere zinthu zikawonongeka. Tsamba loyamba likachita kadontho, iye waliona kale.

Malume Phiri (Area 25): Ndiye mankhwala ake ndi phazi la mwini munda, osati nyanga. Pamenepo tagwirizana.

Mavuto (Stellenbosch): Ine ndiloleni ndisokoneze pang'ono, chifukwa ndikuona tayamba kuwaveka unyinyiri alimi ang'onoang'ono onse. Ntchito yanga ndi kutsegulira alendo mabotolo mu lesitilanti, ndipo obwezedwa ambiri ndi a gulu lomweli. Tinalandirapo makatoni a mlimi wina wa ku France, dzina ndisunga, vinyo wopanda salufa ngakhale pang'ono. Botolo loyamba labwino zedi. Lachiwiri la katoni yomweyo linali ndi fungo la mbewa lija, lachitatu linayamba kuwiranso m'botolo, chitsekero n'kutuluka ndi phokoso pamaso pa mlendo. Titadandaula, wotigulitsa anati vinyoyo ndi wamoyo. Mlendo walipira ndalama zake, ine ndikamuuze kuti ndi wamoyo?

Salufa pang'ono amateteza vinyo ku mpweya ndi ku tizilombo. Lamulo la ku Ulaya limalola mpaka mamiligalamu 200 pa lita mu vinyo woyera wosatsekemera, 150 kwa olima mopanda mankhwala. Omwe ali ndi chizindikiro cha Vin Méthode Nature, chomwe chinavomerezedwa mu 2020, sadutsa 30. Pakati pa 200 ndi ziro pali malo ambiri. Mlimi wanzeru amathira pang'ono pomaliza kuti botolo lake lipirire ulendo wa pa sitima. Wouma mutu amakana, vuto n'kugwera ife.

Chikondi (Angers): Achimwene, komatu botolo lomwe lawoloka equator mu kontena yotentha musaliyerekeze ndi lomwe ndamwa ine makilomita 20 kuchokera pamunda. Vinyo yemweyo kuno amakhala bwino.

Mavuto (Stellenbosch): Ndiye asamatumize kunja. Akalandira ndalama yanga, ulendowo ndi wakenso. Ngakhale za Joly wanu, olemba za vinyo sagwirizana. Ena amamuika pamwamba penipeni, paja Curnonsky, wolemba za chakudya wotchuka wa ku France, kalekale anaika Coulée de Serrant m'gulu la mavinyo oyera asanu opambana a ku France, pamodzi ndi Montrachet, Yquem, Château-Chalon ndi Château-Grillet. Ena amati amakolola mochedwa kwambiri ndipo zaka zina vinyo wake amamveka ngati walowedwa mpweya. Iye amayankha kuti umenewo ndi kupsa kwa mphesa, ndipo amati mutsegule, muthire mu jagi, mulawe tsiku lililonse kwa masiku angapo: wowonongeka amafa, wake amanka nakoma.

Chikondi (Angers): Mayeso amenewo ndi achilungamo, ndipo aliyense akhoza kuchita kunyumba.

Mavuto (Stellenbosch): Pamenepo sindikana. Chenin ali ndi asidi wambiri, ndiye wopangidwa bwino amapirira. Ku Vouvray otsekemera a 1947 anthu akumwabe mpaka lero.

Tiyamike (Manchester): Ndalowa mochedwa. Mavuto, unati wa m'bokosi wa Yamikani ndi Chenin yemweyu. Unkaseka kapena?

Mavuto (Stellenbosch): Sindinkaseka mlongo. Kuno ku South Africa ndiye kuli Chenin wambiri kuposa ku France komwe anachokera, ndipo ndi mphesa yomwe yadzalidwa kwambiri kuposa ina iliyonse m'dziko muno. Kwa zaka zambirimbiri ankaitcha Steen osadziwa kuti ndi yomweyo, mpaka mu 1963 Pulofesa Orffer wa ku yunivesite ya Stellenbosch atayerekeza masamba n'kutsimikiza. Inkapita ku burande ndi ku vinyo wotchipa chifukwa ukaithirira imabereka mosaleka. Tsopano achinyamata a ku Swartland ndi kwina akufunafuna minda yakale yomwe eni ake ankafuna kuzula. Pali Old Vine Project, amaika chidindo pa vinyo wochokera ku mipesa ya zaka 35 kupita m'tsogolo, ndi chaka chomwe munda unadzalidwa. Mpesa wokalamba umabereka pang'ono, koma zomwe umabereka zimakhala zokhathamira.

Mukaika matambula awiri pamodzi mumva kusiyana. Wa kuno amabwera ndi dzuwa, zipatso zakupsa, thupi lalikulu. Wa ku Loire ndi wowonda, wakuthwa, amachedwa kumasuka.

Yamikani (Jozi): Ndiye kuti ine ndakhala ndikumwa za apamwamba osadziwa. Kuyambira lero mundipatse ulemu.

Tiyamike (Manchester): Nanga wotereyu amayenda ndi ndiwo zanji? Ine za tchizi cha mbuzi zomwe amalemba m'magazini sindingakwanitse.

Mavuto (Stellenbosch): Nsomba yowotcha, nkhuku yokazinga, nkhumba. Kuwawasa kwake kumadula mafuta. Chambo chowotcha pamakala ndi ndimu pang'ono, simungalakwe. Futali kapena masamba otendera amagwirizana ndi yemwe ali ndi kashuga pang'ono, uja amalemba demi-sec. Tsabola wa kambuzi yekha ndiye chepetsani, akachuluka simumvanso kanthu ndipo ndalama yapita pachabe.

Tiyamike (Manchester): Chikondi, munthu atafuna kudzagula yekha kumeneko, amangofika pageti?

Chikondi (Angers): Imbani kaye kapena lembani uthenga. Ambiri alibe wolandira alendo, mwini wakeyo ndiye ali pa thirakitala, ndiye mukangotulukira mupeza galu yekha. Nthawi yokolola, Sepitembala mpaka Okutobala, musayese n'komwe. Akakulandirani amakulowetsani m'chipinda cha migolo, kulawa nthawi zambiri n'kwaulere koma ulemu wake ndi kugulako mabotolo angapo. Pamakhala kandowa kolavulira, ndipo kulavula si mwano, makamaka ngati mukuyendetsa galimoto. Njira ina ndi kubwera chakumayambiriro kwa Febuluwale, pomwe kuno ku Angers kumakhala chionetsero cha vinyo cha Salon des Vins de Loire ndipo ku Saumur kumakhala La Dive Bouteille m'mapanga a miyala, kungoti zimenezo kwenikweni ndi za anthu a malonda. Za aliyense ndi zionetsero za Vignerons Indépendants, chachikulu chimachitika ku Paris, ku Porte de Versailles, chakumapeto kwa Novembala.

Tiyamike (Manchester): Pobwerera a kasitomu sakandilanda?

Nachisale (Leeds): Polowa ku Britain amalola malita 18 a vinyo wosathovoka popanda msonkho, ndiye mabotolo 24, bola akhale akumwa wekha kapena a mphatso. Vuto ndi kulemera. Pa ndege iwalani, pa sitima ya Eurostar simunganyamule ambiri, ndiye bola galimoto pa feri.

Malume Phiri (Area 25): Chikondi, ukadzapitanso kwa alimi a mahatchiwo undifunsire zinthu ziwiri. Hatchi imodzi imamaliza mizere ya hekitala m'masiku angati, ndipo imadya ndalama zingati pachaka poyerekeza ndi dizilo. Ufunse yemwe amagwira pulawo, osati mwini munda.

Chikondi (Angers): Ndamva Malume. Ambiri hatchi si yawo, amachita kubwereka munthu wobwera nayo pa ngolo n'kumulipira pa ola. Ndikamupeza ameneyo nthawi yopalira ikayamba mu Malichi.